Lamba Akalira, Usathamangire Sipanala

Mphwanga, kokera kuno chigubucho ukhale. Zitsulo tasonkhanitsa, geti tatseka, palibenso kasitomala woti atimve. Masana aja sindinafune kukudzudzula pamaso pa mwini wake wa Hilux ija, chifukwa munthu amene waona makaniko akukalipiridwa ngati mwana sabweretsanso galimoto yake kwa iye. Koma ndinakuona. Bambo uja atangoti “lamba akulira,” injini isanazime n'komwe, iwe unali utanyamula kale sipanala ya 12 ndi ya 14. Unamasula alternator, kuikankha ndi chitsulo, n'kumanganso. Phokoso linatha, bamboyo anapereka ndalama, iwe kumwetulira mpaka mano onse pamtunda. Ndiye ndikufunse: lamba uja amalira chifukwa chiyani? Usandiyankhe kuti anakhwepa, zimenezo ngakhale mwana wogulitsa mandazi pageti apa akanatha kunena. Chinamukhwepetsa n'chiyani?

Tayang'ana kutsogolo kwa injini iliyonse. Pule ya pansi ija, ya pa crankshaft, ndi imene imakoka. Zina zonse zimangotsatira: alternator, pampu ya madzi ndi fani yake, pampu ya chiwongolero, ndi kompresa ya AC ngati ilipo. Zonsezo n'zitsulo zokhazokha, chofewa pakati pake ndi lamba yekha. Ndiye chimodzi chikayamba kulemera, kapena kupendekeka, kapena kudontha, woyamba kulira amakhala lamba. Zili ngati kamwana m'nyumba imene akuluakulu sakumvana. Kolira ndi iko, koma mlandu si wake, ndipo ukakapatsa switi kamatonthola mkangano uli pomwepo. Masana aja iwe unapereka switi.

Ntchito imeneyi imayamba boneti isanatsegulidwe. Funsa, ndipo uzifunsa amene amayendetsa galimotoyo tsiku ndi tsiku, osati bwana amene amangoikwera Lamulungu popita ku tchalitchi. Imalira nthawi yanji? Akakuuza kuti ndi m'mawa akangoiliza, n'kusiya yokha pakapita kamphindi, maganizo ako apite ku alternator. Sitata imakhala itakama batire, ndiye alternator imalimbana n'kubweza moto umenewo, imalemera kuizungulitsa, lamba wotopa n'kuyamba kuterereka. Mu June ndi July, chiperoni chikagwa, zoterezi umalandira zambiri, chifukwa labala wozizira amauma ndipo chinyontho chimakhala chagona pa mapule usiku wonse. Akakuuza kuti imalira akapinda chiwongolero mpaka kumapeto, monga pokhota pamalo opanikizika, pita ku mbali ya pampu ya chiwongolero, ndipo uyambe waona ngati mafuta ake sanatsike, popeza pampu yopanda mafuta imabuula yokha lamba ali bwinobwino. Akati imayamba akayatsa AC, kompresa ndiye woyamba kufunsidwa. Umufunsenso kuti anaigwira komaliza ndani, ndipo anachotsapo chiyani. Funso limeneli madalaivala salikonda, chifukwa nthawi zina amene anaigwira ndi iwo omwe, kapena mlamu wawo wa pansi pa mtengo wa mango. Usamunyoze mlamuyo, ifenso tidayambira pansi pa mtengo. Iwe chako n'kudziwa ngati alternator inatsikapo, kapena pampu inasinthidwapo, chifukwa chinthu chimene chinachokapo posachedwa ndicho chimakonda kubwerera chitakhala mopotoka.

Ukatero iliza, uime pambali, manja m'thumba. M'thumba mwenimweni ndikunena. Khutu lako liyenera kusiyanitsa kulira kwa kutsogolo kwa injini ngakhale uli kuseri kwa mpanda. Pali kulira kotalika kuja, kwiiiii, kolasa m'makutu ngati nkhumba imene akuimangirira pa njinga. Kumeneko n'kuterereka: pule ikuthamanga liwiro lake, lamba lakenso. Pali kwina kodukizadukiza, tswi tswi tswi, ngati mwanapiye wosochera, kotsatira kuzungulira kwa injini, ndipo kumamveka bwino injini ikamalira motsitsa. Kumeneko kawirikawiri mapule sali pamzere umodzi, lamba akulowa m'kangalande chammbali n'kumakhula m'mphepete. Ndiye pali kwina kumene si kwa lamba n'komwe, kung'ung'udza kapena kukukuta ngati chigayo chili kutsidya kwa mtsinje, kumene kumakwera ukaipatsa moto n'kutsika ukaisiya. Imeneyo ndi beringi yauma, ndipo ungakunge lamba mpaka mawa siitonthola.

Khutu likakayika, tenga botolo la madzi, uboole kachivindikiro ndi msomali. Injini ili kulira, thira kamadzi pang'ono mkati mwa lamba, pamene akukalowa pa pule. Phokoso likakula, ndiye kuti lamba akuterereka, pakuti madzi angowonjezera kuterera kumene kunalipo kale. Likati zii kwa kamphindi n'kubwereranso madziwo akauma, nkhani ndi ya mzere, madzi aja anangofewetsa pamene pakukhulana. Likapanda kusintha chilichonse, lamba muchotse pa mlandu, kafufuze beringi. Madzi enieni ndikunena, a pampopi, osasakaniza ndi chilichonse. Ndi chida chotchipa kuposa zonse m'galaja muno, komanso chimene anyamata ambiri amachita nacho manyazi, poopa kuti kasitomala aziona ngati akusewera.

Beringi ikakayikitsa, pamabwera sukuludilaiva yaitali ija ili kumapeto kwa bokosi. Nsonga yake uikhazike pa chinthu chosazungulira, monga thupi la alternator, thupi la pampu, kapena mutu wa bawuti imene yagwira pule yongoperekeza lamba. Chogwirira uchitsamize pa fupa la kutsogolo kwa khutu. Beringi yabwino imangoti shiii mosalala, yakufa imamveka ngati mwathiramo mchenga. Uziyenda chimodzichimodzi, chifukwa phokoso limayenda m'chitsulo ndipo lingakunamize: uli pa alternator ukumva za pampu. Pamene lakula kwambiri ndi pomwe pali mwini wake. Pamalo opanikiza gwiritsa ntchito chidutswa cha payipi ya labala, mbali ina kukhutu, ina kumaloza pamene ukufuna kumva. Koma tamvera apa. Pinda mikono ya ovolosi, chotsa chingwe cha makiyi chimene umalendewetsa m'khosicho, ndipo nsanza isakhale m'manja pafupi ndi lamba woyenda. Ndidagwirapo ntchito ndi mkulu wina waluso kuposa ine amene kudzanja lamanja adatsala ndi zala zitatu ndi theka. Ankapukuta pule injini ikulira, lamba adagwira nsanza, nsanza idapita ndi zala. Ndipo ukazimitsa injini kuti ulowetse dzanja, kiyi azikhala m'thumba mwako, osati pa galimoto pamene dalaivala wofuna kuthandiza angapotokole.

Za kukunga lamba ndili nazo chipsera changa. Ndili sipanala boyi ku Ndirande, kudabwera pikapu ya matola imene inkapita kunyanja kukatenga usipa. Lamba ankalira, abwana anga adali atapita kukagula sipeya, ine ndidati nayi nthawi yoonetsa kuti ndakula. Ndidalowetsa chitsulo chochotsera matayala pakati pa injini ndi alternator, n'kuchitsamira ndi thupi lonse, mnzanga akumanga bawuti. Lamba adakungika moti ukamukhudza ankalira ngati nsambo ya bangwe. Mwini wake adandiyamika, adandipatsanso ya tiyi. Sabata isadathe galimoto ija idabwera ikukokedwa ndi chingwe. Beringi ya pampu ya madzi idatha, fani idayamba kuvina n'kukala redieta, madzi onse adatayikira mumsewu, injini idawira, ndipo usipa wa anthu udagona padzuwa tsiku lathunthu. Abwana anga sadandimenye, ngakhale masiku amenewo khofi silinali la mtengo. Adachotsa pampu ija, kundipatsa m'manja, n'kuti ndiizungulitse. Inkangoti gwedegwede, mkati mukumveka kolokolo. Adati ndiizungulitsenso. Kenako adaipachika pa msomali pamwamba pa malo amene ndinkasungira chikho changa, ndipo idakhala pamenepo chaka chonse. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, koma kwa ife choipa n'chakuti chong'ambika si lamba wa ndalama zochepayo ayi, ndi pampu kapena alternator.

Muyeso wake si wobisika. Pa malamba akale aja ooneka ngati V, dina ndi chala chachikulu pakati pa mbali yaitali, mphamvu ngati ya makilogalamu 10, ndipo lamba alowe pafupifupi sentimita imodzi. Buku la galimoto iliyonse limanena muyeso weniweni, ndipo ngati lilipo liwerenge, silikuluma. Lamba watsopano amakhazikika akayenda masiku angapo, ndiye uzimuuza kasitomala adzadutse umuonenso. Koma usanakunge, zimitsa injini, tenga tochi, usuzumire m'kangalande ka pule. Lamba wa V amagwira ndi m'mbali, pansi sayenera kufikapo. Ukaona pansi pa kangalande pakuwala ngati siliva, dziwa kuti lamba waonda kapena pule yadyeka, ndipo akukhala pansi m'malo mogwira. Wotero ungamukunge bwanji, amatonthola lero, mkucha wayambiranso. Uonenso m'mbali mwa lambayo: mukakhala mosalala mong'anima ngati nsapato yopolisha, wapsa ndi kuterereka, ntchito yake yatha. Injini zambiri zakale za dizilo zili ndi malamba awiri oyendera limodzi pa alternator. Amenewo amasinthidwa onse awiri nthawi imodzi, ofanana. Kasitomala adzakuchonderera kuti usinthe wodukayo yekha, koma watsopano ndi wamfupi kuposa wakale amene anatamuka, ndiye katundu yense amasenza yekha, mnzakeyo akungokupiza ngati mbendera.

Ndinenepo za sopo, chifukwa ndikudziwa kuti kumene unkaphunzira ankachita. Sopo, kandulo, oyilo wakuda, mafuta a mabuleki, ngakhale mankhwala opopera a m'chitini aja, zonsezi n'zotontholetsa mboni. Phokoso limatha mpaka kasitomala atuluke pageti. Sopo ndi kandulo zimangowonjezera kuterera, oyilo amafufumitsa labala n'kumuwoletsa, ndipo zomata zija m'fumbi la kwathu kuno zimasanduka phala lokhula ngati sandipepa. Ukapeza lamba ali nyowenyowe ndi oyilo amene sunathire iwe, tsata kumene akuchokera. Akhoza kukhala akutuluka pa seal ya kutsogolo kwa crankshaft, pa payipi ya pampu ya chiwongolero, kapena kumbuyo kwa alternator. Madzi a mu redieta nawonso amaterera, ndipo pampu ya madzi ili ndi kabowo pansi kamene kamayamba kudontha ikamafa, n'kusiya zoyanga zouma zobiriwira kapena zofiirira. Kuika lamba watsopano pamene pakudontha n'kuchapa mwana n'kumukhazikanso m'matope, ndipo ngakhale utatseka podonthapo, mapule uwatsuke kaye aume.

Kumva zonsezi n'kufunsa chabe. Chigamulo chimabwera lamba akachoka. Usanamuchotse, jambula ndi foni kapena lemba pa katoni mmene wadutsira, makamaka pa injini za lamba mmodzi wozungulira paliponse. Ndaonapo amuna a ndevu atathedwa nzeru madzulo onse, lamba ali m'manja ngati njoka yakufa. Akachoka, gwira pule iliyonse. Izungulitse ndi dzanja, khutu lili pafupi, kenako uigwedeze kutsogolo ndi kumbuyo, m'mwamba ndi pansi. Apa pali msampha umene umakola ambiri. Pule yongoperekeza ija ukaikankha n'kumazungulira nthawi yaitali ikuti shrrr ngati tayala la njinga, mnyamata amati ili bwino kwambiri. Ayi, imeneyo yauma, gilizi anatha. Yabwino imazungulira mwakachetechete, molemererako pang'ono, n'kuima msanga. Alternator izizungulira mosalala popanda pokakamira. Fani uigwire nsonga ziwiri uigwedeze, ndipo ikasewera, pampu ya madzi ili panjira. Pule ya kompresa imazungulira nthawi zonse ngakhale AC ili yozimitsa, ndiye beringi yake imatha ngakhale kwa munthu amene gasi anamuthera zaka zitatu zapitazo. Maberingi amenewa amaphedwa ndi madzi ndi mchenga: kuwoloka mitsinje nthawi ya dzinja, ndiponso anyamata otsuka magalimoto amene amalozetsa payipi yamphamvu ija pa injini kuti bwana aone kuwala.

Lamba ali pansi choncho, injini ikadali yozizira, iliza kwa kamphindi. Kamphindi ndithu, kosafika mphindi imodzi, chifukwa pa mapikapu ambiri pampu ya madzi imakhala yaima. Phokoso likatha, wolakwa ali mwa zimene lamba amazungulitsa. Likapitirira, wapulumuka kugulitsa munthu sipeya yosafunika. Gasket ya ekizozi ikaphulika pang'ono imalira tswi tswi ngati lamba, payipi ya turbo ikang'ambika imaimba mluzu, ndipo beringi ya kilatchi imadziulula yokha, chifukwa phokoso lake limasintha ukaponda kilatchi.

Ya mzere ija ndiifotokoze bwino, popeza ndi imene idandichititsa manyazi nditakula kale, ndili ndi galaja yangayanga. Mlimi wina wa fodya adandibweretsera pikapu katatu nyengo imodzi. Ulendo woyamba ndidasintha lamba. Wachiwiri ndidati lamba uja adali wabodza, ndidagula wina wodula. Wachitatu bamboyo sadalankhule zambiri, adangoika lamba wothothoka pa boneti n'kundiyang'ana. Apo m'pamene ndidachita zimene ndikadachita poyamba. Ndidamutembenuza lamba uja m'manja, n'kuona kuti wadyeka mbali imodzi yokha, ulusi uli panja, mbali inayo ili ngati yatsopano. Pa thupi la alternator padali fumbi lakuda la labala, bii, ngati mwaye. Ndidatenga lula yachitsulo, kuigoneka pa nkhope ya pule ya pansi kuloza ku ya alternator. Mbali ina idakhudza, mbali ina padatsala mpata wolowa ndalama yachitsulo. Nditamasula, ndidapeza kuti amene adakonzapo alternator chaka chapitacho adaiwala kubwezera kawashala kokhuthala pa bawuti ya pansi, ndipo bowo la bulaketi lidali litakula n'kukhala ngati dzira chifukwa cha kugwedera. Alternator inkaima chopendekeka ngati munthu wotsamira khoma. Tidawotcherera bowo lija, kuboolanso, kuika washala. Malamba atatu, maulendo atatu kuchokera kumudzi, chifukwa cha kachitsulo kamene ndikadatola pansi pomwe pano. Ndalama ya ulendo wachitatuwo sindidalandire, ndipo ndikadalandira ndikadakhala wakuba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo lamba wakale usamamutaye usanamuwerenge, chifukwa zonse zimene zinamuchitikira zimalembedwa pathupi pake.

Pali wina wobisala amene anyamata samuganizira: pule ya pansi yomweyo. Pa injini zambiri za dizilo si chitsulo chimodzi ayi, ndi ziwiri, chamkati ndi chakunja, zolumikizidwa ndi labala pakati kuti azimeza kunjenjemera kwa injini. Labala ameneyo akakalamba kapena akamwa oyilo amalekana ndi chitsulo, ndiye chamkati chimazungulira, chakunja n'kumatsalira. Phokoso lake ndi la lamba ndithu, batire silidzaza bwino, ndipo ukasintha lamba palibe chosintha. Tenga choko, ujambule mzere umodzi kuchokera pakati mpaka kunja, uilize, uyatse magetsi onse, upinde chiwongolero, uzimitse. Mzere uja ukaupeza waduka pakati, mbali ina ili apa ina ili apo, wamugwira. Ndipo poti tatchula batire: injini ikulira, mita iziwerenga pakati pa 13.5 ndi 14.5 volts. Batire lakufa limagwiritsa alternator ntchito ya thangata tsiku lonse, lamba n'kumalira chifukwa cha mlandu umene uli mbali ina ya boneti.

Zimene ndanenazi zambiri ndidaziphunzira pa injini za 2L ndi 3L, koma iwe udzadya za magalimoto a masiku ano. Kuyambira pa Hilux ya D-4D imene idatuluka mu 2005, ndiponso pa Ford Ranger za 2.2 ndi 3.2, lamba ndi mmodzi, wopyapyala, wa timizere, ndipo palibe bawuti yokungira. Amakungidwa ndi tensioner ya sipuling'i. Pamenepo sipanala yako ya masana ija ilibe pogwira, ndipo ndaonapo ena akupanikiza kamtengo kuseri kwa tensioner kuti ikankhe kwambiri. Usadzayerekeze. Uiyang'ane injini ikulira motsitsa. Mkono wake uzingonjenjemera pang'ono. Ukamadumphadumpha ngati mbuzi yomangidwa, mwina sipuling'i yatopa, mwina vuto lili pa pule ya alternator. Ma alternator ambiri a dizilo a masiku ano ali ndi pule yokhala ndi kakilatchi mkati, yogwira mbali imodzi n'kumasuka mbali inayo, ngati fuliwilo ya njinga. Ikagwira mbali zonse ziwiri yafa, ndipo imamenyetsa lamba, kupha tensioner, n'kumati tswii pozimitsa injini. Ukangosintha tensioner osaiona, mwezi wamawa munthu yemweyo abwera nkhope itasintha. Lamba ali pansi, kankha mkono wa tensioner ndi sipanala yaitali uone ngati ukuyenda mosalala n'kubwerera ndi mphamvu, osakakamira panjira komanso osapendekera kumbali.

Malamba atimizerewa nawo amanamiza. Akale ankang'aluka, ukawapinda n'kuona ming'alu, n'kudziwa kuti akalamba. Amasiku ano amapangidwa ndi labala wotchedwa EPDM amene amatha kuoneka bwino kunja ali wotha. Amadyeka ngati tayala: timizere timaonda, tingalande timakula, mpaka lamba amakhala pa nsonga za pule osagwira. Umuyerekeze ndi watsopano, ndipo uchotse timiyala ndi matope ouma m'tingalande ta pule ndi bulashi. Pomuika, werenga timizere pa pule iliyonse ndi chala, chifukwa kuphonya kamzere kamodzi kokha n'kokwanira kumudya m'mphepete tsiku limodzi.

Pokagula, kaya ndi ku Limbe kaya kwa Biwi ku Lilongwe, nyamula wakaleyo ndipo udziwe kuwerenga nambala. Ukaona 6PK kapena 7PK, nambala yoyambayo ndi kuchuluka kwa timizere, ndipo manambala otsatira ndi kutalika kwake m'mamilimita. Wogulitsa akakuuza kuti “uyu amalowanso,” umufunse ngati adzabwere kudzakukankhira galimoto. Pule yongoperekeza nthawi zambiri sifuna kugula yonse. Mkati mwake mumakhala beringi wamba, kawirikawiri 6203, ndipo ngati pule ndi yachitsulo ukhoza kuitulutsa n'kuika ina, bola ikhale yotseka ndi labala mbali zonse, ya 2RS. Poikhoma uzimenya mphete yakunja kudzera pa soketi yofanana nayo, osati yamkati, apo ayi waipha isanayambe ntchito. Za maberingi otchipa a m'mabokosi okongola aja sindinena zambiri, uzigula kwa munthu amene ukhoza kumubwezera.

Chinthu chimodzi usadzasokoneze ndi timing belt. Ameneyo ndi lamba wina, wa mano, wobisika kuseri kwa chivindikiro, ndipo salira kwiii chifukwa saterereka. Phokoso likamachokera mkati mwa chivindikirocho lamba wakunja atachoka, ndi maberingi ake, ndipo galimotoyo isatuluke pageti. Pa 3L amasinthidwa pa makilomita 100,000, pa D-4D pa 150,000, ndipo Toyota idaikanso nyali yolembedwa T-BELT yokumbutsa, imene anthu ena amangoizimitsa osasintha kanthu. Mitsubishi ya 4D56 ili ndi awiri m'katimo, wamkulu ndi wamng'ono, ndipo wamng'onoyo akaduka amatha kukola wamkulu. Timing belt akaduka pa dizilo, mapisitoni amakumana ndi mavavu, ndipo nkhani imachoka pa ndalama ya lamba kufika pa ndalama ya ng'ombe. Hilux za GD-6 zili ndi tcheni, koma uzifunsa injini imene ili patsogolo pako, osaloweza.

Mwina ukuti malume akulitsa nkhani ya kalamba. Tamvera. Pa injini zakale zija, kumbuyo kwa alternator kuli kapampu kena kamene kamayamwa mpweya kuti mabuleki azifewa. Dizilo ilibe kwina kotenga mphamvu imeneyo. Ndiye lamba wa alternator akaduka, nyali ya batire imayaka, koma injini imapitiriza kulira ngati palibe chachitika, ndipo dalaivala amati ndikaonera kutsogolo. Muvi wa kutentha umayamba kukwera. Akaponda buleki koyamba imagwira, kachiwiri imagwirako, kachitatu yauma gwa ngati waponda mwala. Tsopano ika galimoto imeneyo pa Khwekhwerere ikutsikira ku Golomoti, kapena pa zikhotakhota zotsikira ku Chikwawa, kumbuyo kuli matumba a chimanga ndi amayi akhala pamwamba pake. Madalaivala ako uziwauza kuti nyali ya batire ikayaka ali paulendo aime pomwepo atsegule boneti, ndipo lamba wakale amene akadali ndi moyo uziwaikira kuseri kwa mpando pamodzi ndi sipanala ziwiri zija.

Hilux ya masana ija ndi 3L. Pamene iwe unkawerenga ndalama, ine ndinasuzumira. Pansi pa alternator pali chinyezi cha oyilo chochokera pa kapayipi ka kapampu kaja, malamba onse awiri akung'anima m'mbali, ndipo wakutsogolo ndi wa mtundu wina, wakumbuyo wa mtundu wina. Ndipo mmene unatsamira chitsulo chija, ndinakumbuka pampu yanga ya pa msomali. Nambala ya bamboyo ili m'kope, pa tsamba la lero. Mawa m'mawa, usanamwe tiyi, umuimbire. Umuuze kuti pali chimene sunamalize ndipo abwere nayo asanapite ulendo wautali. Oimba ukhale iweyo, osati ine, ndipo ya ntchito usamulipiritsenso, alipire malamba ndi kapayipi basi. Akafika, uyambe wabweza alternator ija m'mbuyo pang'ono, kenako ugwire fani uone ngati pampu yapirira usiku umodziwu. Botolo la madzi lili pawindo apo, choko chili m'chitini cha mabawuti. Tenga tochi, uzimitse magetsi, tizipita, mayi ako aakulu atidikira ndi nsima.